"Netiweki yavuta": kodi siginolo n'chiyani, ndipo imasochera pati?

Pakhonde la sitolo ina kufupi ndi depoti ya mabasi mu Mzuzu pamakhala mayi wina wotumiza ndi kutapitsa ndalama za pafoni. M'mawa wina bambo wachikulire, atavala jekete chifukwa cha kachisanu ka kuno, anafika kudzatapa ndalama imene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Joni.

"Dikirani pang'ono bambo, netiweki yavuta," anatero mayiyo.

Bambo aja anayang'ana foni yawo, n'kuloza timizere ta pakona paja. Tonse tinayi tinali chilili. "Nanga si izi zadzaza, amayi?"

"Kudzaza kwadzaza, koma sizikupita."

Onse awiri ankanena zoona, ndipo kuti timvetse mmene zimenezi zimathekera tiyenera kuyamba ndi mawu amene akhala akumveka m'nkhani zaka zapitazi. Tinawamva pamene boma linkasamutsa wailesi za kanema kupita ku dijito. Tinawamvanso mu Meyi 2024 intaneti itayamba kukwawa dziko lonse, kenako mu Juni chaka chomwecho pamene asilikali ankasakasaka ndege ku Chikangawa. Mawuwo ndi siginolo. Timawatchula tsiku lililonse, koma ukafunsa kuti kwenikweni chimenechi n'chiyani, ambiri amangokweza foni m'mwamba.

Masamba a pamsewu

Tiyambe ndi chinthu chimene aliyense akuchidziwa. Mukuyenda m'kamsewu ka ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa, mwapeza nthambi zamasamba zaikidwa chopingasa msewu, ndipo cha patsogolo pali zinanso. Palibe wakuuzani kanthu, koma wa kabaza watsika panjinga n'kuyamba kukankha, woyendetsa galimoto wazimitsa nyimbo, abambo avula zipewa. Aliyense wadziwa kuti pali zovuta.

Imeneyo ndi siginolo yathunthu. Siginolo ndi kusintha kumene munthu kapena makina achita dala pa chinthu china, kaya ndi phokoso, kuwala, magetsi kapena masamba, kuti wina amene ali patali adziwe uthenga. Pamafunika wotumiza, amene pano ndi anamfedwa. Pamafunika chonyamula uthenga, omwe ndi masamba aja. Pamafunika wolandira, ndinu odutsa. Chomaliza, chimene anthu amachiiwala kawirikawiri, ndi mgwirizano wa tanthauzo. Mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja akhoza kungoona ngati mtengo wagwetsa nthambi, n'kudutsa ndi liwiro nyimbo zili m'mwamba. Masamba awaona bwinobwino, koma uthenga sunamufike.

Tanthauzo silikhala m'masambamo. Nthambi zomwezo mukazipeza pa msewu wa M1 m'nkhalango ya Chikangawa, zitandandalikidwa motalikirana m'mbali mwa phula, zikunena zina: kutsogoloku lole yafa, chepetsani liwiro. Chinthu chimodzi, mauthenga awiri, ndipo chosiyanitsa ndi malo komanso kaikidwe kake.

Apa pali kusiyana kwina koyenera kukugwira. Mitambo yakuda ikaunjikana ku mapiri a Kaning'ina timati ndi chizindikiro cha mvula, koma mitamboyo sikutumizira aliyense uthenga. Ife ndi amene timawerenga. Koma "odi" wa mlendo pakhomo, belu la tchalitchi, limu yakale ya galimoto yopachikidwa pamtengo pasukulu, kukodola, kutsinzinira diso, mfuu ya usiku akuba akalowa, zonsezi wina wazichita kuti wina amve. Makolo ankati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kutsina khutuko ndi siginolo imene imamveka kwa anthu awiri okha pakati pa gulu. Akatswiri a zamagetsi amagwiritsa ntchito mawu akuti siginolo pa zonse ziwiri, ngakhale kugunda kwa mtima kumene makina a kuchipatala amajambula, koma m'nkhani ino tikhala kwambiri pa zotumizidwa dala.

Mgwirizano wa tanthauzo

Anthu akagwirizana kuti chizindikiro chakuti chiziimira chakuti, ndiye kuti apanga kodi. Kodi yotchuka kwambiri m'mbiri ndi ya Samuel Morse wa ku America. Mu 1844 iye anatumiza uthenga pa waya kuchokera ku Washington kupita ku Baltimore, mtunda wa makilomita pafupifupi 60. Pawayapo sipankadutsa mawu. Pankadutsa magetsi oyatsidwa ndi kuzimitsidwa, kaya mwachidule kaya motalikirapo, ndipo chilembo chilichonse chinali ndi kagundidwe kake. Chilembo E, poti chimapezeka kwambiri m'Chingelezi, anachipatsa kugunda kumodzi kokha kwachidule kuti ntchito izifulumira. Chizindikiro cha SOS, chomwe ndi kugunda kwachidule katatu, kotalika katatu, kwachidulenso katatu, mayiko anagwirizana ku Berlin mu 1906 kuti chikhale mfuu ya sitima imene ili pangozi panyanja.

Waya wotereyu anafika kuno kumpoto mzinda wa Mzuzu usanabadwe n'komwe. M'zaka za m'ma 1890 kampani ya Cecil Rhodes inakoka waya wa telegalamu kuchokera ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, kudzera ku Blantyre ndi Zomba, n'kutsata gombe la nyanja mpaka ku Karonga. Sukulu ya mishoni ya Livingstonia ku Khondowe, pansi pa Dr Robert Laws, inkaphunzitsa anyamata ntchito yogogoda ndi kumasulira mauthengawa. Uthenga umene wamtokoma akanayenda nawo milungu ingapo unayamba kufika tsiku lomwelo.

Pamsewu napo kodi inachita kupangidwa. Maloboti oyamba anaikidwa ku London mu 1868, pafupi ndi Nyumba ya Malamulo. Ankayaka ndi gasi ndipo wapolisi ankachita kuwatembenuza ndi manja, koma pasanathe miyezi iwiri anaphulika n'kuvulaza wapolisiyo. A magetsi anadzayamba mu 1914 ku Cleveland, ku America. Ndipo ochemerera mpira pa Mzuzu Stadium mwina sadziwa kuti makadi a oyimbira anabadwira pa maloboti. Pa World Cup ya 1966, pamasewero a England ndi Argentina, panabuka chisokonezo chifukwa oyimbira anali wa ku Germany, ndipo osewera ena sanamve kuti wachenjezedwa ndani, watulutsidwa ndani. Ken Aston, amene ankayang'anira oyimbira, anaganiza zotengera mitundu ya pamsewu: yachikasu, samala, yofiira, ima, tuluka. Makadiwa anayamba kugwira ntchito pa World Cup ya 1970 ku Mexico. Khadi silifuna womasulira.

Koma si kodi iliyonse imene inalembedwa m'buku la malamulo. Madalaivala a malole, mukawatsatira pa zitunda za Viphya, amayatsa indiketa ya kumanja kukuuzani kuti musapitirire, kutsogolo kukubwera galimoto, ndipo ya kumanzere kukuuzani kuti njira yayera. Ndi chifundo ndithu, koma indiketa yomweyo tanthauzo lake la m'malamulo ndi lakuti ndikukhota. Wina akayatsa ya kumanzere chifukwa akufuna kuima pambali, inu n'kumva kuti akuti dutsani, mwalowa m'njira ya basi yochokera ku Lilongwe. Siginolo imodzi ikasenza matanthauzo awiri pamalo amodzi, ngozi imakhala pafupi. Ine ndimaitenga ngati malangizo chabe, maso anga ndiwo aweruze.

Kufulasha nakonso ndi kodi imene tinadzipangira tokha mayunitsi atadula. Foni kulira kamodzi n'kudula, mwana wasukulu akutanthauza kuti ndiimbireni. Pakati pa anthu ena awiri kulira komweko kukutanthauza kuti ndafika bwino. Uthenga wadutsa, kampani sinalandirepo tambala.

Mafunde osaoneka

Funso lotsatira ndi lakuti uthenga umayenda bwanji popanda waya. Ponyani mwala m'damu la Lunyangwa, muona timafunde tikufalikira mozungulira. Madziwo sachoka pamalo kupita kugombe; chimene chimayenda ndi kugwedezekako. Mawu amayenda chimodzimodzi mumpweya. Mafunde a wailesi nawo ndi kugwedezeka kwa mphamvu ya magetsi ndi maginito, ndipo safuna madzi kapena mpweya kuti adutsemo. Ndi a mtundu umodzi ndi kuwala, ndipo amathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi.

Amene anatsimikiza kuti mafundewa alipodi ndi Heinrich Hertz wa ku Germany, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880. Mu 1901 Guglielmo Marconi analengeza kuti walandira chilembo S cha kodi ya Morse ku Newfoundland, chotumizidwa kuchokera ku England, kuoloka nyanja ya Atlantic popanda waya. Dzina lathu lakuti wailesi linachokera ku mawu a Chingelezi otanthauza chopanda waya.

Chosiyanitsa mafunde ndi kuchuluka kwa maulendo amene amagwedezeka pa sekondi imodzi. Chimenechi ndicho frequency, ndipo muyeso wake anautcha hertz polemekeza mkulu uja. Magetsi a ESCOM amagwedezeka ka 50 pa sekondi. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira pa 20 mpaka pafupifupi 20,000. Manambala amene muulutsi amatchula akamati muli pa FM yakutiyakuti ndi mamiliyoni a kugwedezeka pa sekondi, ndipo wailesi zonse za FM zimapanikizana pakati pa 87.5 ndi 108. Mafoni amagwiritsa ntchito malo ngati 900 ndi 1800, pamene Wi-Fi ya m'nyumba imakhala pa 2,400 kapena cha m'ma 5,000.

Manambalawa ali ndi zotsatira zimene timaziona. Ng'oma yaikulu ya vimbuza ikamalira usiku imamveka kuseri kwa phiri, koma likhweru la munthu amene ali pabwalo lomwelo silifika. Mafunde ogwedezeka pang'onopang'ono amapita kutali ndipo amazungulira zotchinga. Ogwedezeka mofulumira amanyamula katundu wambiri koma amatopa msanga, khoma la simenti ndi denga la malata zimawafooketsa. N'chifukwa chake m'chipinda cham'kati foni imatsika kuchoka pa 4G n'kulemba chilembo E, cha netiweki yakale yochedwa ya 2G, ndipo mukatuluka pakhonde imabwerera.

Mafunde a FM ndi a foni amayenda pafupifupi mowongoka ngati kuwala kwa tochi. Mzinda wathu ndi wa zitunda ndi zigwa, choncho nyumba ziwiri zotalikirana mamita 200 zikhoza kusiyana kwambiri: ya pamtunda ikuonana ndi nsanja ya mafoni, ya kudambo ili mumthunzi. Aliyense amene watsikapo msewu wa ku Nkhata Bay akudziwa makona amene kucheza kwa pafoni kumadukira. Agogo athu ankamva wailesi za ku London ndi ku Joni usiku pa shortwave chifukwa mafunde amenewo amanjanja kumtunda kwenikweni kwa mlengalenga n'kubwerera pansi kutali. FM siichita zimenezo, n'chifukwa chake MBC, imene inayamba mu 1964, komanso Zodiak ndi zina, zimaika makina owulutsira pamapiri osiyanasiyana, ndipo nambala imene mumamvera ku Mzuzu imasiyana ndi ya ku Blantyre.

Malo a mafundewa ndi ochepa, ali ngati mabenchi a mumsika. Awiri akaima pa benchi imodzi n'kumaitanira malonda nthawi imodzi, wogula samva chilichonse. Wogawa mabenchiwa m'dziko muno ndi bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Ndilo limauza Radio Tigabane kuti ikhale apa, Voice of Livingstonia apo, TNM ndi Airtel uko. Poti mafunde sadziwa malire a dziko, mayiko amakambirana kudzera ku bungwe la ITU, limene linayamba mu 1865 nthawi ya telegalamu, kuti wailesi ya ku Karonga isalimbane ndi ya ku Mbeya.

Analogi ndi dijito

Pali njira ziwiri zosenzetsera uthenga pa mafunde. Mu njira ya analogi, fundelo limatsanzira chinthu chenichenicho: mawu akakwera nalo limasintha motsatira, akatsika chimodzimodzi. Mu njira ya dijito, makina amayeza mawu kapena chithunzi kambirimbiri pa sekondi, n'kusandutsa miyesoyo manambala, ndipo manambalawo amalembedwa ndi zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1. Chimene chimatumizidwa ndi manambalawo.

Amene munakula ndi makaseti mukukumbukira kuti ukajambula tepi kuchokera ku tepi ina, n'kujambulanso kuchokera pa yachiwiriyo, pofika yachinayi nyimbo imakhala ili m'kati mwa mkokomo. Imeneyo ndi analogi: litsiro lililonse la m'njira limamatirira ku uthenga ndipo silichoka. Tsopano ganizirani manambala 20 a mayunitsi a magetsi. Mwagula m'tauni, mukuwerengera mwana kunyumba pafoni, mawu anu asasa ndi chimfine, pambali panu pakudutsa njinga yamoto. Bola mwanayo wamva nambala iliyonse, mita ilandira mayunitsi onse osaperewera ngakhale pang'ono. Kusasa kwa mawu sikulowa m'mita. Koma akaphonya nambala imodzi yokha, mita ikana zonse. Sipakhala zoti magetsi abwera theka.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kumene anthu anakuona pa kanema. Kanema wa boma wa TVM atayamba mu 1999 ankaulutsa mwa analogi, ndipo amene anali kutali ankaonera chithunzi chodzaza timadontho ngati mchenga, wina ali padenga kutembenuza eriyo, wina pawindo kukuwa kuti "pomwepo, pomwepo!" Chithunzi chinali choipa, koma mpira unkaoneka. Mayiko a mu Africa ndi ku Ulaya anagwirizana mu 2006 kuti pofika pa 17 Juni 2015 asamukire ku dijito, ndipo kuno zimenezi zinabwera ndi madikoda a Kiliye Kiliye. Phindu lake ndi lakuti malo amene ankanyamula kanema mmodzi tsopano amanyamula ambiri, ndipo malo otsalawo amaperekedwa ku intaneti ya pafoni. Kuipa kwake ndi kwa mita kuja: chithunzi chimakhala choyera mpaka pamalire ena, kenako chimaduka timabokosi, kuuma, n'kuzimiratu.

A madishi amazidziwa bwino zimenezi nthawi ya dzinja. Setilaiti imene dishi imayang'ana ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, pamalo pamene imazungulira mofanana ndi dziko moti imaoneka ngati yaima. Pofika padenga panu siginolo imakhala itafooka kale, ndipo madontho a mvula yamphamvu amamwa mafunde a frequency yokwera ngati imeneyo. Mvula ya ku Mzuzu simasewera, ndiye mpira umatha kuduka pa penate.

Phokoso, mzere wa pamjigo, ndi timizere tinayi tija

Chilichonse chimene chimasokoneza siginolo m'njira akatswiri amachitcha phokoso, ngakhale chisakhale chomveka ndi khutu. Mphezi, injini, mawaya a magetsi, wailesi ina yoyandikana, zonsezi ndi phokoso. Chofunika si kukula kwa siginolo pakokha ayi, koma kuti yaposa phokoso ndi mlingo wanji. Kunong'ona kumamveka m'tchalitchi, koma kuchigayo ngakhale kukuwa sikuthandiza.

Ndipo taonani zimene timachita kuchigayoko. Timabwereza mawu, timalankhula pang'onopang'ono, timakweza zala kusonyeza kuti ndowa ziwiri. Makina amachitanso zomwezo: amawonjezera manambala oonera ngati uthenga wafika wathunthu, ndipo chigawo chikawonongeka amapempha kuti chitumizidwenso. Amene anaika zimenezi m'masamu ndi Claude Shannon wa ku America mu 1948. Iye anasonyeza kuti njira iliyonse ili ndi malire a uthenga umene ingadutsitse pa sekondi, ndipo malirewo amadalira kukula kwa njirayo ndi kuchuluka kwa phokoso. Phokoso likachuluka, foni siisiya kugwira ntchito nthawi yomweyo. Imayamba kubwerezabwereza, ndipo inu mumangoona kachizindikiro kakuzungulira.

Tibwerere kwa bambo aja a pa depoti. Mafoni a m'manja anafika m'dziko muno ndi TNM mu 1995, kenako Celtel mu 1999, imene inadzakhala Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Dera lonse limagawidwa m'zigawo, chilichonse ndi nsanja yake, ndipo mukamayenda foni imapatsiridwa kuchoka ku nsanja ina kupita ku ina inu osadziwa. Timizere ta pakona tija timangoyeza chinthu chimodzi: mphamvu ya siginolo pakati pa foni yanu ndi nsanja imene yagwira. Palibenso muyeso umodzi umene opanga mafoni onse amatsata, moti mafoni awiri patebulo limodzi akhoza kusonyeza timizere tosiyana.

Koma ulendo wa ndalama ija ndi wautali. Pempho limachoka pafoni ya mayi uja kupita ku nsanja, kuchoka apo limadutsa mu waya wa faiba kapena timadishi toyang'anana pakati pa nsanja, mpaka ku makompyuta a kampani amene amasunga mabuku a ndalama, kenako yankho libwerere njira yomweyo nthawi yoikika isanathe. Timizere tinayi tikungonena kuti kanjira kochoka pakhomo panu kukafika pa siteji n'kabwino. Sitinena kanthu za mlatho umene wakokoloka kutsogolo.

Nthawi zina vuto limakhala pa nsanja pomwepo. Nsanja ili ngati mjigo: mukhoza kukhala nawo pafupi kwambiri, koma ngati mudzi wonse wabwera ndi zidebe nthawi imodzi, mudikira. N'zimene zimachitika pa sitediyamu Moyale ikamasewera ndi timu yaikulu, kapena madzulo a kumapeto kwa mwezi. Nsanja imafunanso magetsi. Akazima imadalira mabatire ndi jenereta, ndipo nthawi ya kusowa kwa mafuta kapena mabatire akabedwa, dera lonse limakhala chete.

Nthawi zinanso mlatho wokokolokawo umakhala kunja kwa dziko. Waya wa faiba ndi ulusi wagalasi wopyapyala ngati tsitsi, ndipo uthenga umayendamo ngati kuwala kothwanima. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadutsa m'mayiko oyandikana nawo kukalumikizana ndi mawaya ogona pansi pa nyanja. Pa 12 Meyi 2024 mawaya awiri otere, a EASSy ndi Seacom, anaduka kufupi ndi gombe la kummwera chakummawa kwa Africa, ndipo intaneti inavuta ku Tanzania, Kenya, Malawi ndi mayiko ena kwa masiku angapo. Munthu wa ku Luwinga anali ndi timizere tonse, bandulo yosatha, koma WhatsApp ikungozungulira chifukwa cha waya umene uli pansi pa nyanja imene sanaionepo.

Siginolo yonena pamene munthu ali

Mphezi ikang'anima, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi atatu aliwonse ndi pafupifupi kilomita imodzi, chifukwa kuwala kumafika nthawi yomweyo pamene mawu amayenda mamita 340 okha pa sekondi. Mwayeza mtunda pogwiritsa ntchito kuchedwa kwa siginolo.

GPS imagwira ntchito ndi nzeru yomweyo. Masetilaiti a dziko la America, amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, amangolengeza mosalekeza kuti ndine wakuti, ndili pakuti, nthawi ndi yakuti. Foni yanu imamvetsera, n'kuwerengera kuti uthenga uliwonse wachedwa bwanji, ndipo ikamva masetilaiti anayi imadziwa pamene ili. Foniyo siitumiza kanthu kumwambako, ndipo kumvetserako sikudya bandulo. Chimene chimadya bandulo ndi kutsitsa mapu.

Kupeza foni kudzera pa nsanja ndi nkhani ina. Foni yoyaka imadzidziwitsa ku nsanja imene yagwira, choncho kampani imadziwa kuti nambala yakuti inamveka komaliza pa nsanja yakuti. M'tauni, momwe nsanja zili zothithikana, zimenezi zimaloza kadera kakang'ono. Kutchire nsanja imodzi imasamalira dera lalikulu, ndipo yankho limakhala lotambalala.

Anthu a kuno anaziona zimenezi mwachisoni. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228, itanyamula wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, inalephera kutera pabwalo la Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, ndipo itatembenuka inasowa. Usiku wa tsikulo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, anauza mtundu kuti siginolo za nsanja za mafoni zaloza dera la makilomita 10 kuzungulira malo ena m'nkhalango. Ambiri anadabwa kuti bwanji osangopita pomwepo. Koma dera lotero ndi lalikulu masikweya kilomita oposa 300 m'bwalo lake lonse, la mapiri, mitengo ndi chifunga. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira, onse atamwalira.

Ndege zimanyamula kachipangizo kotchedwa ELT, kamene ntchito yake ndi kukuwa ndege ikagwa. Zamakono zimatumiza mfuu pa 406 MHz kupita ku masetilaiti a ntchito yopulumutsa anthu. Lipoti la akatswiri ofufuza ngozi za ndege a ku Germany linanena kuti ka m'ndege imeneyi sikankagwira ntchito, batire lake linali litapitirira nthawi yake zaka zambiri m'mbuyomo. Chimene chinagwetsa ndegeyo ndi nkhani ina, ndipo anthu akadali ndi maganizo osiyana pa malipoti amene anatuluka. Pa nkhani yathu ino, mfundo ndi yakuti kumva foni pa nsanja ndi kulandira mfuu ya ELT ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri.

Mafunso amene adakalipo

Loyamba ndi la ndalama. Kumanga nsanja pamudzi wa anthu ochepa kumapiri a Rumphi kapena Chitipa sikubweza msanga zimene kampani yalowetsa. Lamulo la 2016 linakhazikitsa thumba lothandizira kufikitsa mauthenga kumadera otere, koma kuti liyambire kuti, ndipo lifulumire motani, anthu amasiyana maganizo. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023 ndi masetilaiti ouluka pafupi, pamtunda wa makilomita pafupifupi 550, imafika kumene nsanja kulibe, koma mtengo wa zipangizo zake si wa mlimi wamba. Kodi idzakhala njira ya masukulu ndi zipatala za kumudzi, kapena ya ochepa okha?

Mayiko ena ayamba kuzimitsa 2G ndi 3G kuti malo a mafunde apite ku 4G ndi 5G. Kuno anthu ambiri akadali ndi foni za mabatani, ndipo ndalama za pafoni zimayenda pa timanambala toyamba ndi nyenyezi tija, timene timagwira ngakhale pa 2G. Tsiku lozimitsa likadzafika, adzagulire agogo foni yatsopano ndani?

Pa za thanzi, mphekesera ya 2020 yakuti 5G imafalitsa Covid-19 inali yabodza: matendawa anafala ngakhale m'mayiko amene kunalibe 5G, kuphatikizapo kuno. Bungwe la WHO limati palibe umboni wotsimikizika wakuti mafunde a nsanja, akakhala pansi pa malire ovomerezeka, amadwalitsa, ndipo kafukufuku wa zotsatira za zaka zambiri akupitirira. Funso la pafupi ndi lakuti amayeza ndani nsanja imene yamangidwa kuseri kwa nyumba yanu, ndipo zotsatira zake mungazione kuti.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Siginolo imene imathandiza kupeza wosowa ndi yomweyo imene imaulula kumene munagona dzulo. Kuyambira 2018 nambala iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta. Ndani ali ndi ufulu wopempha mbiri ya mayendedwe a foni yanu, ndipo pamafunika chilolezo cha khothi nthawi zonse? Nanga bwanji mauthenga akuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi" akubwerabe, chikhalirecho nambala zonse zili ndi eni ake odziwika?

Kenako pali machenjezo. Nthambi yoona zanyengo imalengeza za mwera panyanja ndi za mvula yoopsa, monga inachitira namondwe Freddy asanafike mu Malichi 2023, komabe anthu mazanamazana anafa kummwera. Ena uthenga sunawafike, ena unawafika koma analibe kothawira, ena sanaukhulupirire. Kuno kumpoto funsoli lili ndi mbali inanso ya chilankhulo. Chenjezo lolembedwa m'Chingelezi kapena m'Chichewa pafoni limufika bwanji msodzi wa ku Usisya amene ali pabwato usiku, foni ili kunyumba, kapena munthu wosamva amene amadalira chinenero chamanja? Ndipo madzi akayamba kukwera m'mitsinje ya ku Karonga pakati pa usiku magetsi atazima, chidzadzutse anthu n'chiyani, uthenga wa pafoni kapena mnyamata woimba wezulo amene mudzi unamusankha?